Nkhope zozokota pa mkuwa za m'ma 1600: khungu ankalifewetsa bwanji ndi mizere yokhayokha?

Biro_Yakuda
Akuluakulu, ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo. Ine ndimajambula nkhope za anthu ndi bolopeni, ndipo ndi momwe ndimapezera ya ndiwo. Sabata yatha ndinaona pa intaneti chithunzi cha Pompone de Bellièvre, woweruza wamkulu wa ku France, chomwe Robert Nanteuil anazokota ku Paris mu 1657. Ndinachikuza pa foni mpaka pomwe chimalekezera. Mulibe penti, mulibe zotikita ndi chala monga timachitira ndi pensulo. Ndi mizere ndi timadontho basi. Koma tsaya la bambowo likuoneka lofewa, ndipo ubweya wa pamkanjo wawo ukuchita kuoneka kuti ndi wofunda. Akuti zonsezi anachita kugoba pa mkuwa ndi kachitsulo, kenako n'kupaka inki n'kudinda pa pepala. Ndinapeza kachidutswa ka mkuwa ndi msomali wonola kuti ndiyese, koma zomwe zatuluka ndi zokandakanda, ndipo msomaliwo waterereka kawiri. Kodi anthu amenewa ankachita bwanji? Makamaka khungu.

Tiyese_Tione
Msomali umakanda, sugoba. Mwayambira pa chida cholakwika, achimwene.

MdindiWakale
A Tiyese anena zoona, koma ndiwonjezere kuti mnyamatayu amve bwino. Chida chake amachitcha burin. Ndi kachitsulo kolimba ka mbali zinayi, kotalika ngati chala chapakati kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kunsonga amakadula mopendekera pafupifupi madigiri 45. Chigwiriro chake ndi chamtengo, chooneka ngati bowa wodulidwa mbali imodzi kuti chidacho chizigona pafupi ndi puleti, chomwe ndi chidutswa cha mkuwa mukugobacho. Simugwira ngati bolopeni ayi. Chigwirirocho chimakhala m'chikhatho, chala cholozera chimagona pamwamba pa chitsulo, ndipo mphamvu imachokera kumkono, osati kuzala. Mumakankhira kutsogolo, kutali ndi thupi lanu. Ikamagoba bwino mumaona kachingwe ka mkuwa kakupotana kutsogolo kwa nsonga. Msomali wanu uja umangokankhira mkuwa m'mbali, pomwe burin imauchotsa.

Tsono chinsinsi chomwe simungachione pa chithunzi ndi ichi: dzanja logwira burin silikhota. Chomwe chimazungulira ndi puleti. Ankaiika pa kapilo kachikopa kodzaza mchenga, dzanja lamanzere n'kumaitembenuza kuti mkuwa uzibwera wokha ku nsonga. Mizere yokhota yonse ya pa tsaya mwaionayo inapangidwa ndi dzanja lamanzere.

Msemi_kuDedza
Madala, ndiye kuti nyundo palibe? Ife tikamasema mtengo wolimba ngati phingo, popanda chomenyera tchizulo sichilowa.

MdindiWakale
Palibe, bambo. Mkuwa wosasakaniza ndi wofewa kuposa momwe anthu amaganizira. Ntchito yaikulu ili pa mwala wonolera wothira mafuta. Mukanola, yesani nsonga pa chikhadabo cha chala chachikulu. Ikakola, yathwa. Ikaterereka pa chikhadabo, idzatererekanso pa puleti n'kuwononga ntchito ya mwezi.

Mayi_waZaluso
Ndiyankhe za khungu, poti ndi pomwe pagona funso. Wozokota alibe mtundu wotuwa, ali ndi wakuda wa inki ndi woyera wa pepala. Kutuwa kumapangika m'diso la woonera. Njira zake zilipo zingapo ndipo Nanteuil ankazisakaniza.

Mzere umodzi umatha kuyamba woonda ngati tsitsi, n'kunenepa pakati, n'kuondanso pothera. Ukakanikiza burin imalowa mwakuya ndipo mpata umakula, chifukwa nsonga yake ili ngati V. Luso limeneli silinayambe ndi Afalansa. Cornelis Cort analiyamba m'ma 1500, kenako Hendrick Goltzius wa ku Haarlem analifikitsa patali, ngakhale dzanja lake lamanja linapsa ndi moto ali mwana. Pomwe pakufunika mthunzi, amagoba mizere ina yopingasa pamwamba pa yoyambayo, osati mopingasa ngati mtanda weniweni koma mopendekera, kuti timipata totsala tikhale ngati dayamondi. Pena mkati mwa kampata kalikonse amaikamo kadontho.

Koma pankhope penipeni Nanteuil sankakonda mizere yaitali. Kuzaninso chithunzi chanucho pamphumi ndi pansi pa maso. Muona timizere tifupitifupi, tonga timbewu ta mpunga, tolondolozana motsata fupa. Ankalowetsa nsonga pang'ono n'kuitukula msanga. Tikayandikira powala timasanduka timadontho, kenako n'kutheratu, pepala n'kutsala loyera. Mizere yaitali yolemera ankasungira malaya, tsitsi ndi kumbuyo kwa mutu. Ndiye khungu limafewa chifukwa chilichonse cholizungulira ndi cholimba kuposa ilo.

Biro_Yakuda
Amayi, ndakuzanso ndipo ndatiwona timpunga mukunenato. Ndimangoti ndi madontho wamba. Zikomo kwambiri.

Chemwali_kuLeeds
Ine ndinaonapo zithunzi zotere ndi maso ku British Museum ku London. Kuli chipinda chomwe umapempha n'kukutulutsira m'mabokosi. Chomwe foni singakuonetseni ndi chakuti inki imatukuka pamwamba pa pepala. Kuwala kukamachokera cham'mbali, mzere uliwonse wakuya umakhala ndi kamthunzi kake. M'mphepete mumaoneka pomwe puleti inalowa m'pepala. Koma chomwe chinandiimitsa mtima si Nanteuil. Ndi nkhope ya Yesu pa nsalu ya Veronika yomwe Claude Mellan anazokota mu 1649. Chithunzi chonsecho, pafupifupi masentimita 43 kutalika kwake, ndi mzere umodzi wokha. Umayambira pansonga ya mphuno n'kumazungulira kupita kunja. Maso, ndevu, minga, madontho a magazi, ngakhale zilembo zam'munsi, zonse zimatuluka chifukwa mzere womwewo ukunenepa ndi kuonda.

Kayikani99
Izi zokha ayi. Madala a Mdindi angonena kumene kuti burin imafuna kunola pafupipafupi. Ndiye munthu azungulire puleti yonse osatukula dzanja? Sankagona? Nkhani zina anthu ogulitsa zithunzi amangokometsera.

MdindiWakale
Ankatukula, ankanola, ankagona. Mawa lake ankabwezera nsonga mu mpata womwe anasiyira n'kupitiriza. Mzere ndi umodzi chifukwa njira yake siduka, osati chifukwa anaugoba tsiku limodzi. Ndipo mukakumbukira zoti puleti ndi imene imazungulira, muona kuti mzere wozungulira ndi womwe umagwirizana ndi kapilo kaja kuposa wina uliwonse. Chovuta chinali kudziwa pomwe akanikize ndi pomwe apepuze, pamene nkhope ikumuzungulira pamaso, pena chadodolido.

Kayikani99
Ngati ndi choncho ndavomera. Komabe kwa ine ndi zodzionetsera chabe.

Mayi_waZaluso
Sindikugwirizana nanu. Mellan anali atasiya kale mizere yopingasa pa ntchito zake zambiri. Nkhope za anthu ankazipanga ndi mizere yoyenda limodzi, yosadutsana, yongosiyana kunenepa. Ndi dzanja lomwelo lomwe linazokota maonekedwe a mwezi ku Aix-en-Provence m'ma 1630, pogwira ntchito ndi Peiresc ndi Gassendi omwe ankauyang'ana ndi telesikopu. Ndiye cha 1649 chija ndi mathero a njira yomwe anayenda zaka zambiri. M'munsi mwake analembamo m'Chilatini kuti "Formatur unicus una", kutanthauza kuti Mmodzi yekhayo waumbidwa ndi mzere umodzi. Luso ndi chikhulupiriro zinakumana pamenepo.

Tiyese_Tione
Tisanapite patali, burin m'Chichewa tiziti chiyani? Ine ndimati chogobera.

Msemi_kuDedza
Chogobera kwa ife ndi chokhota chija timakumbira nacho mkati mwa mtondo kapena chipande. Mukapita nalo dzinalo kwa osema akupatsani china.

Tiyese_Tione
Ndiye chozokotera.

Msemi_kuDedza
Icho chikumveka.

WakuKitwe
Funso langa ndi la mkuwa. Kuno tili nawo, koma womwe umatuluka ku migodi sungaugwiritse choncho. A Biro, chidutswa chanu munachitenga kuti? Chonde osagula kwa anyamata owotcha mawaya, ambiri ndi akuba ndipo mukhoza kugona m'chitokosi. Funsani kwa ogulitsa zitsulo za mapaipi ndi madenga, pena amakhala ndi mapepala a mkuwa. Wokhuthala milimita imodzi ndi theka ndi wokwanira.

Biro_Yakuda
Anandipatsa ndi malume anga omwe amakonza mafiriji. Ndi kakang'ono, kosakwana chikhatho.

MdindiWakale
Kakwana poyambira. Koma kasalazeni kaye. Kale puleti ankaimenya ndi nyundo kuti ilimbe mofanana, n'kuikwecha ndi miyala, kenako makala osalala ndi mafuta, mpaka munthu azidziona nkhope. Kukanda kulikonse kotsala kumagwira inki. Chifukwa cha kunyezimira komweko, ozokota ankaika pepala lopaka mafuta pa zenera kuti kuwala kufatse, apo ayi maso ankatha msanga.

Kayikani99
Ndibwerere pa nkhani. A Biro anena okha kuti chithunzi chawo ndi cha Nanteuil, koma ndafufuza ndapeza kuti anachita kutengera pa chomwe Charles Le Brun anapenta. Ndiye tikutamanda chiyani? Ameneyu anali fotokope ya nthawi imeneyo. Mwini luso ndi wopenta.

Mayi_waZaluso
Zoona, cha Bellièvre chinachokera kwa Le Brun, ndipo sanabise. Zilembo zam'munsi zinkanena yemwe wachita chiyani. Pinxit ndi amene anapenta, delineavit amene anajambula, sculpsit amene anazokota, excudit amene anasindikiza n'kugulitsa. Koma pa zithunzi zambiri za Nanteuil mupeza mawu oti ad vivum, kutanthauza kuti munthuyo anakhala pamaso pake iye n'kumujambula yekha ndi choko kapena pastel asanakhudze mkuwa. Anatero ndi Louis XIV yemwe, mfumu ya ku France. Ndipo mkangano mwayambitsawu ndi wakale. Mu 1660 mfumuyo inatulutsa lamulo ku Saint-Jean-de-Luz lonena kuti kuzokota ndi luso laufulu, lisamangidwe ndi mabungwe a amisiri, ndipo Nanteuil ndi mmodzi wa omwe analimenyera.

Ngakhale potengera kwa wina, fotokope siganiza. Wopenta ali ndi kufiira kwa milomo, buluu wa nsalu, golide. Wozokota ayenera kusankha kuti kufiira kukhale mizere yotani, silika asiyane bwanji ndi veleveti pomwe zonse ndi zakuda. Rubens, wopenta wa ku Antwerp, ankadziwa kuvuta kwake. Ankatenga mapepala oyesera a ozokota ake n'kuwakonza ndi inki ndi penti yoyera, kenako kuwabwezera. Iye ndi wozokota wake Lucas Vorsterman anafika pokangana koopsa mu 1622, Vorsterman n'kupita ku England patapita zaka ziwiri. Munthu sukangana choncho ndi makina.

Kayikani99
Koma mwavomera kuti Rubens ndi amene ankalamula.

Mayi_waZaluso
Ankalamula, inde. Koma burin sankaigwira ndi iye.

Chemwali_kuLeeds
Pa mkangano wanuwu chitsanzo chabwino ndi wopenta Anthony van Dyck. Anakonza mndandanda wa nkhope za anthu otchuka a nthawi yake, akalonga, ophunzira ndi anzake ojambula. Zambiri anazokota ndi Paulus Pontius, Vorsterman ndi ena, koma zingapo anayamba yekha ndi etching. Pali ya nkhope yake yomwe: mutu wokha pamwamba pa puleti, kwina konse koyera, mizere yomasuka ngati ya cholembera. Iye atamwalira mu 1641, Jacob Neeffs anaimaliza ndi burin, n'kuusandutsa mutuwo chiboliboli chokhala pa chipilala, kuti ukhale tsamba loyamba la buku lomwe Gillis Hendricx anatulutsa ku Antwerp mu 1645. Ndaziona zonse ziwiri. Yosamaliza ija ili ndi moyo, yomaliza ndi yozizira. Anthu a nthawiyo ankafuna yomaliza.

Msemi_kuDedza
Achemwali, etching ndiye chiyaninso? Ndimayesa zonse ndi chimodzi.

MdindiWakale
Zimasindikizidwa mofanana koma mpata umapangidwa mosiyana. Pa etching puleti amaikuta ndi phula losakaniza, n'kujambulapo ndi singano. Singanoyo imangochotsa phula, ndiye asidi ndi amene amadya mkuwa pomwe paonekera. Dzanja limamasuka, n'chifukwa chake openta ankaikonda. Mzere wake umayamba ndi kutha mobuntha, pomwe wa burin umathera kusongoka. Mukafuna kusiyanitsa, yang'anani kumathero a mizere. Abraham Bosse analemba buku lofotokoza njirazi mu 1645, ndipo iye ankayesetsa kuti etching yake izioneka ngati ya burin, chifukwa ya burin ndi yomwe inali ndi ulemu.

Ndipo a Biro, zomwe munachita ndi msomali zili ndi dzina, drypoint. Mkuwa wotukuka m'mbali mwa mzere umagwira inki n'kupereka kuda kofewa. Rembrandt anasakaniza etching, drypoint ndi burin pa chithunzi cha Jan Six cha 1647, chija waima pa zenera akuwerenga. Vuto lake mkuwa wotukukawo umaphwanyika msanga, makope makumi ochepa basi watha. Wozokota ndi burin amaupala dala ndi kampeni ka mbali zitatu kuti mzere ukhale woyera, ndipo puleti yake imapirira makope mazanamazana.

Tiyese_Tione
Nanga akalakwitsa? Labala palibe.

MdindiWakale
Kukanda kosazama amakufufuta pokanikiza ndi chitsulo chosalala chothira mafuta. Kukakhala kozama, amapala malo onsewo mpaka mzere uthe, patsale kadzenje. Kenako amayeza kuti apeze malo omwewo kuseri kwa puleti, n'kumenya ndi kanyundo kuchokera kumbuyo mpaka palingane, n'kusalazanso. N'chifukwa chake ankadinda pepala loyesera nthawi ndi nthawi. Kusintha kulikonse pa puleti akatswiri amakutcha state, ndipo makope odindidwa zilembo zisanaikidwe ndi omwe osonkhanitsa amalimbirana. Musaiwalenso kuti zonse zimatuluka motembenuka, chakumanja chimapita kumanzere. Ambiri ankayang'ana chojambula chawo pa kalilole pogwira ntchito.

Kudinda nakonso ndi luso palokha, ndipo apa ndi pomwe ndimadziwa bwino. Inki ankaipanga ndi mafuta a linseed kapena a walnut owiritsa mpaka kulimba, osakaniza ndi ufa wakuda wochokera ku nsenga za vinyo zowotcha. Puleti amaifunditsa pa mbaula ya makala kuti inki ifewe, n'kuikanikizira m'mipata yonse. Kenako kupukuta ndi nsanza, pomaliza ndi chikhatho chopaka choko, kuti pamwamba payere koma m'mipata inki itsale. Pepala lake linali la nsanza ndipo amalinyowetsa kaye. Puleti pansi, pepala pamwamba, mabulangete a ubweya pamwamba pake, zonse n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri yozungulira yomwe munthu amapukusa ndi manja ndi phazi. Pepala lonyowa limalowa m'mipata n'kukoka inki. Kope iliyonse, zonsezi kuyambiranso.

Msemi_kuDedza
Ine ndakhala ndikuona zithunzi zomwe mwatchulazi usiku wonse. Cha Antoine Masson cha Guillaume de Brisacier cha 1664, imvi zake tsitsi lililonse palokha. Ndamva kuti Masson anayambira kuzokota zida zankhondo. Zikuoneka. Koma chomwe chandigwetsa m'manja ndi cha bishopu Bossuet cha Pierre-Imbert Drevet, 1723. Lesi, ubweya, silika, mabuku, chilichonse ukuchizindikira ndi diso.

Mayi_waZaluso
Dzanja la Drevet palibe angalitsutse. Koma bambo, mutatseka maso pano, nkhope ya bishopuyo mukuikumbukira? Ine ndimakumbukira nsalu. Pofika nthawi ya Hyacinthe Rigaud, yemwe a Drevet ankatengera zopenta zake, zovala ndi makatani zinayamba kumeza munthu. Ikani pambali pake chithunzi cha Philippe de Champaigne chomwe Gérard Edelinck anazokota mu 1676. Chovala chakuda chosakometsera, ndipo diso lanu lipita pa nkhope osasochera.

Msemi_kuDedza
Bishopu wopanda zovala zake si bishopu, amayi. Anthu ankagula kuti aone udindo.

Biro_Yakuda
Ndaphunzira zambiri, koma pali chomwe chikundivutabe. Amayi anati powala Nanteuil ankasiya pepala loyera. Zimenezo zimayenda chifukwa anthu ake anali azungu, khungu lawo lili pafupi ndi pepala. Makasitomala anga ndi anthu akuda. Ndikasiya poyera pambiri, agogo a munthu amatuluka ngati mzungu. Ndikadzaza mizere, nkhope imafa, imangokhala chimdima. Kodi alipo wa nthawi imeneyo amene analimbana nalo vutoli?

Chemwali_kuLeeds
Alipo. Fufuzani Wenceslaus Hollar. Mu 1645 ali ku Antwerp anapanga timitu ting'onoting'ono ta anyamata ndi atsikana akuda, ena atavala kolala yoyera ndi kansalu kumutu. Ndi etching, osati burin, koma phunziro lake ndi lomwe mukufuna. Nkhope yonse anaikuta ndi mizere yopyapyala yothinana, ndipo poyera penipeni anasungira maso ndi nsalu. Kuyera kwa nsaluyo ndi komwe kumathandiza diso kuwerenga khungu.

Mayi_waZaluso
Eya. Pa khungu lakuda dongosolo limatembenuka. Mumayamba ndi mizere yopyapyala paliponse, yotsata maumbidwe a fupa, ndipo powala simuisiya, mumangoiondetsa ndi kuiika motalikirana. Malo owala kwenikweni akhale ang'ono: pamphuno, pamwamba pa tsaya, pamlomo wam'munsi, pamphumi pang'ono. Mumthunzi musadutsitse mizere kopitirira katatu, chifukwa timipata toyera tikatsekeka nkhope imafa monga mwanenera. Kumbuyo kwa mutu kupepuke. Nanteuil ankadetsa kumbuyo kuti nkhope iwale, inu muchite mosemphana.

Tiyese_Tione
Nanga mezzotint? Ija imayambira kumdima kupita kowala. Si yoyenera apa?

Mayi_waZaluso
Pa maganizo ake, inde. Ludwig von Siegen anaiyamba mu 1642 ndi chithunzi cha Amalie Elisabeth wa ku Hesse-Kassel, ndipo Prince Rupert anaifalitsa ku England. Puleti yonse amaiboolaboola ndi chitsulo cha mano mpaka itadinda kuda bii, kenako n'kumapala ndi kusalaza pomwe akufuna kuwala. Koma mulibe mizere, ndipo bolopeni singachotse inki pomwe yalowa kale. Kwa a Biro njira ya burin ndi yomwe ili pafupi ndi chida chawo.

MdindiWakale
Mwana wanga, yankho lina lili m'thumba mwanu. Tulutsani K500 yatsopano, muikuze nkhope ya John Chilembwe ndi kamera ya foni. Muona mizere yonenepa ndi kuonda, yopingasa mopendekera, ndi timadontho m'mipata. Yendetsani chala, mumva inki itatukuka. Ndi kadindidwe komwe kaja ka m'mipata, ngakhale masiku ano zambiri amakonzera pa kompyuta. Opanga ndalama anasunga njirayi chifukwa ndi yovuta kubera. Onani momwe achitira pamphumi ndi pa tsaya, muyerekeze ndi a Rose Chibambo pa K200.

Biro_Yakuda
Ndayesa ndi K500 ndi K200. Madala, ngakhale pamalo owala mizere ikupitirira, yangoonda, monga ananenera amayi. Dzulo ndajambula tsaya limodzi lokha pa pepala ndi bolopeni, ndikutembenuza pepala m'malo mokhotetsa dzanja. Mizere yakhala yoyera kuposa kale, koma ponenepetsa mzere bolopeni ikumatulutsa kadontho ka inki. Malume ati andisulira chozokotera kuchokera ku tupa yakale. Ndiwauze kuti nsonga ikhale ya mbali zinayi zofanana kapena ya dayamondi?

MdindiWakale
Yambani ndi yofanana mbali zonse. Mpata wake ndi wotambalala, wosazama, ndipo imakhota mosavuta. Ya dayamondi imalowa mwakuya ndi mzere woonda, koma nsonga yake imathyoka msanga m'dzanja lomwe silinazolowere. Auzeni malume kuti akamanola pa giraindala azimiza m'madzi pafupipafupi, chitsulo chikafika pa buluu chafewa. Ndipo dzanja lanu lamanzere lizikhala kumbuyo kapena pansi pa njira ya nsonga, osati kutsogolo kwake.